Dzala la Che Bwanali

Ndikakumbukira Che Bwanali, mphuno ndiyo imayamba kufika, mutu umabwera pambuyo. Ndimamva fungo la penti wosakanikirana ndi palafini, fungo la machubu atsopano a njinga atapachikidwa pamsomali, ndi kafungo ka mankhusu a mpunga kamene kanakana kuchoka m'makoma ngakhale mpungawo unali utachoka kalekale. Kenako makutu nawo amadzuka, n'kumva malata akuthetheka masana ndi dzuwa la ku Karonga, dzuwa limene anthu a kwina amati timalinamizira. Sitilinamizira. Ine ndinaonapo ndi maso angawa chithunzithunzi cha munthu chikukana kutuluka m'nyumba masana, mwini wake n'kupita kumsika yekha. Amene akukayika apite mwezi wa Okutobala akadzionere.

Tinafika ku Karonga ndili kamtsikana ka ku pulaimale, amayi atawasamutsa kuchoka ku Dedza kuti akagwire unamwino pa Boma. Nyumba imene tinapeza inagundizana ndi sitolo ya Che Bwanali, mkulu wa ku Mangochi amene anabwera kumpoto ali mnyamata n'kukalambira komweko akugulitsa misomali, penti, mabatire ndi zipangizo za njinga. Anali aafupi, a ndevu zoyera, kachipewa koyera pamutu, ndi magalasi a diso limodzi. Ndikunena zenizeni: kumanzere kunali galasi, kumanja kunali mphepo yokha, moti akafuna kukanda diso sankavutika n'kuvula. Tikafunsa, ankati galasi linalo inameza ndi mbuzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo mbuziyo inasiya kudya mapepala n'kuyamba kuwawerenga. Mbuziyo ndinkaidziwa. Inalidi ndi nkhope ya munthu wodziwa zinthu.

Pakamwa anali olusa. Mwana aliyense kwa iwo anali nyani, ndipo ngati wachita bwino kwambiri ankakwezedwa kukhala nyani wamkulu. Masiku oyamba ndinkangokhala pakhonde pathu, Chinkhonde sindikuchimva, Chitumbuka chikundidutsa pamwamba ngati mbalame, mnzanga ndilibe. Tsiku lina masana ndinangomva mawu kuchokera kusitolo.

"Iwe mwana wa anesi, wangokhala ngati thumba la mchere. Nyamula zinyalala izi ukataye kudzala."

Anandisenzetsa katoni. Munali mawaya opiringizika, tochi yakufa, tizitini ta penti topindika m'mbali, ndi mabulashi odzaza fumbi. Ndinazungulira kuseri kwa sitolo kufunafuna dzenje, koma ndinangopeza kabwalo kosesedwa bwino, ndi chipinda chachikulu chopanda zenera chimene kale ankasungiramo mpunga wogula kwa alimi. Chitseko chinali chotsegula, ndipo m'katimo munali ana akugogoda, akupala, akukangana m'zilankhulo zitatu nthawi imodzi. Mnyamata wina wamtali, dzina lake Lusekelo, anayang'ana katoniyo, n'kuyang'ana ine, n'kunena m'Chichewa chake chopendekera ku Chinkhonde kuti ndiike pansi ndikhale, chifukwa nanenso anditaya.

Limenelo ndilo linali dzala la Che Bwanali. Palibe mwana amene anaitanidwako. Tonse tinachita kutayidwa.

Zimene zinkachitika m'chipinda chimenecho, ndikazifotokoza kwa anthu ophunzira amandiyang'ana cham'mbali. Lusekelo anapanga chimphepo cha malata n'kuchimangirira ku dayinamo ya njinga, ndipo mphepo ya kunyanja ikawomba kababu kankayaka masana dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene palibe munthu ankafuna kuwala. Tinali ndi wailesi imene tinaiukitsa kwa akufa, koma inkalankhula Chiswahili chokha, ndiponso pokhapokha wina atagwira waya n'kuima ndi mwendo umodzi. Tumpale, kamtsikana kachete ka ku Mwenilondo kamene kankakhala kwa azakhali ake pa Boma, ankajambula ng'ombe pamapepala a matumba a simenti, ng'ombe zenizeni moti ntchentche zinkatera pamsana pake. Ine tsiku lina ndinasakaniza penti wa buluu ndi wachikasu, n'kutuluka wobiriwira. Ndinathamanga bwalo lonse kuuza anthu kuti ndatulukira mtundu watsopano. Ndimakhulupirirabe kuti ndinayamba ndine, ngakhale masamba a nthochi amatsutsa.

Che Bwanali sankaphunzitsa chilichonse. Ankangoima pakhomo, manja kumbuyo, n'kuponya funso ngati akutukwana. Nanga babulo likuyaka chifukwa chiyani? Maginito akukana bwanji kugwira supuni iyi pamene msomali akuugwira? Tikasowa choyankha ankapukusa mutu, n'kunena kuti anyani a ku Mangochi ndi anzeruko, n'kubwerera kusitolo. Koma m'mawa mwake m'zinyalala munkapezeka chinthu chenichenicho chimene tinkachisowa. Mphunzitsi wa kusekondale akabwera kudzagula masipoko a njinga, masipokowo ankasowa mwadzidzidzi, ndipo ankauzidwa kuti akayambe wadikira kumthunzi wa kudzala. Masipokowo ankapezeka pokhapokha mphunzitsiyo atayankha mafunso athu onse, thukuta lili kamukamu.

Lamulo linali limodzi lokha: osathokoza. Zikomo, yewo, ndagha, asante, onsewo anali oletsedwa, ngakhale kuwomba m'manja. Tumpale anaiwala tsiku lina atalandira bulashi, n'kugwada mwaulemu wa kwawo n'kunena kuti ndagha. Anamuthamangitsa tsiku lonse, akukalipa kuti kodi munthu amathokoza dzala? Kenako anang'ung'udza mawu amene ndinadzawamvanso kambirimbiri.

"Chabwino chili ngati palafini. Ukasiya chosatseka, chimauluka."

Ife tinkangoti ndi zolankhula za ukalamba, mpaka tsiku limene tinatseka chitseko.

Tinachitseka chifukwa cha mbuzi yophunzira ija, imene inkafuna kulowa kudzaona ng'ombe za Tumpale. Chitseko chitangoti gwa, m'chipindamo munagwa mdima, ndipo pakhoma loyang'anizana ndi khomo panatuluka dziko. Bwalo lonse linali pamenepo, mtengo wa mango, mpata wa pampanda, ndi msewu waukulu chapatali, zonse za mitundu yake, zonse zikuyenda, koma chadodolido. Minibasi inadutsa matayala ali kumwamba, kondakitala akulendewera ngati mleme. Mayi wina anadutsa atasenza ndowa, mutu pansi, madzi osatayika. Mwana wina anakuwa kuti ndi ufiti n'kubisala m'katoni. Lusekelo ndiye anafufuza mpaka anapeza kabowo pachitseko, ndipo m'kabowomo munali kagalasi kobulungira, komatidwa bwinobwino ndi phula. Titawafunsa Che Bwanali, anati bowolo inaboola ndi mbewa. Za galasi anati mbewa za masiku ano n'zotsogola.

Khoma limenelo linatidyera miyezi. Tinalipaka laimu kuti dziko lizioneka bwino. Tumpale ankamatapo mapepala n'kumalondola ndi khala mizere ya mtengo wa mango, kenako n'kutembenuza pepalalo, mtengo n'kuima chilili. Lusekelo anamanga ulusi kuchokera pansonga ya mtengo kudutsa pakabowo mpaka pakhoma, n'kutionetsa kuti kuwala sikudziwa kukhota, n'chifukwa chake cha kumwamba chinkathera pansi. Ine ndinamvetsa zimenezo ndi thupi lonse, tsitsi linachita kuima, ndipo ndikuganiza kuti ntchito imene ndikugwira lero inayambira pa ulusi umenewo.

Koma Che Bwanali anaiwala chinthu chimodzi: diso limene anaika pachitseko linkayang'ana bwalo lawo lomwe.

Tsiku lina chakumadzulo, dzuwa litapendeka, tili chete mumdima kudikira ng'ombe kuti zidutse, tinawaona akutuluka kukhomo la kuseri kwa sitolo, miyendo kumwamba, kachipewa pansi osagwa. Anayang'ana uku ndi uku, anaona chitseko chathu chili chotseka, n'kukhala pakampando. M'thumba anatulutsa tizitini ta penti tonyezimira, tatsopano. Anatenga mwala n'kuyamba kutigogoda m'mbali kamodzikamodzi, mosamala ngati munthu woswa mtedza, kuti tipindike koma tisabooke. Mabulashi atsopano anawagubuduza m'fumbi. Anadula waya pampukutu watsopano n'kuupiringiza ndi manja onse awiri, lilime lili kunja. Pomaliza anatsegula tochi yatsopano, n'kuchotsamo kachitsulo kamodzi, n'kukaponya pansi pa katoni kuti tikavutike kukapeza.

Palibe amene anaseka. M'chipindamo munkangomveka kupuma kwathu ndi kulira kwa malata akuzizira. Lusekelo anadzuka, n'kukagwira kagalasi ka pachitseko ndi chala, kenako n'kuloza diso lake la kumanja. Tonse tinamva. Sitinapangane chilichonse, koma patapita kanthawi mawu aja atamveka, oti anyani inu bwerani mudzachotse zinyalala, tinatuluka n'kunyamula katoniyo nkhope zili gwa, Tumpale mpaka anadandaula kuti penti wake ndi wakale.

Ndinawafunsa amayi chifukwa chimene Che Bwanali amakanira kuthokozedwa pa zinyalala zawo, ndipo amayi anakafunsa Abiti Saidi, akazi awo a Che Bwanali, akupeta mpunga kuseri kwa khitchini. Abiti Saidi anaseka mpaka lichero linagwedezeka. Anati imeneyo ndi sadaka ya amuna awo, chopereka cha chifundo, ndipo iwo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti chopereka chikadziwika kwa anthu, mphotho yake kwa Mulungu imauluka, munthu n'kutsala ndi botolo lopanda kanthu. Anatinso amuna awowo sanapondeko m'kalasi, chifukwa bambo awo ankaopa kuti sukulu za mishoni ziwasintha chipembedzo, ndipo ali mwana anakwapulidwa koopsa chifukwa chotsegula wotchi ya amalume awo kuti aone chimene chinkagogoda m'katimo. Chikwapucho chinapola, koma funso silinapole.

Mavuto anabwera ndi mitambo ya mvula yoyamba. Che Bwanali anali ndi mwana wamwamuna, Yusufu, amene ankathandiza amalonda kuolotsa katundu pachipata cha Songwe, nayenso n'kumaodako zitenje ndi mafuta ophikira ku Tanzania. Sanali munthu woipa. Akabwera ankatigawira masiwiti a Chiswahili olimba moti ena tikuwamungunyabe. Koma katundu wake anali pansi pa tenti yodontha, akazi ake anali oyembekezera, ndipo chipinda chachikulu chouma chinali chitadzaza makatoni ndi ana a eni. Anawauza bambo ake kuti akufuna chipindacho. Che Bwanali anayesa kuzemba, anati muli mbewa, anati denga ndi lokalamba, koma Yusufu anawakumbutsa mofatsa kuti iwo eni akhala akuuza Karonga yense kuti limenelo ndi dzala. Nanga dzala amalikaniza mwana wobala yekha?

Msampha umene anautchera okha unawagwira mwendo. Akanena zoona, mphotho imene anaisunga zaka zonsezo iuluka. Akakhala chete, chipinda chipita. Masiku amenewo sanatukwane aliyense, ndipo ife tinachita mantha, chifukwa Che Bwanali osatukwana anali ngati nyanja yopanda mafunde.

Loweruka m'mawa Yusufu anafika ndi ngolo ya ng'ombe. Anthu oyandikana nafe anasonkhana monga achitira anthu akaona ngolo, amayi nawonso anaima pampanda atavala kale zoyera za kuntchito. Ife tinandandalika m'mphepete mwa khoma. Mawu anali pakamwa panga, otentha ngati mbatata, ndipo ndikudziwa kuti anali pakamwa pa aliyense, koma tikanawalavula tikanakhala kuti tatsegula botolo la agogo ndi manja athu. Che Bwanali anakhala pakampando kawo kaja, akuyendetsa mikanda yawo ya mapemphero m'zala, diso la galasi ndi diso la mphepo onse ali pansi.

Yusufu anatulutsa wailesi. Anatulutsa chimphepo cha Lusekelo. Kenako anatuluka atakumbatira mulu wa ng'ombe za Tumpale, n'kufunsa ngati pali amene ali ndi machesi, chifukwa mapepala sayenera kudzaza ngolo. Tumpale sanalire. Anangotembenukira kukhoma.

"Yusufu, tsitsa," anatero Che Bwanali.

"Baba, ndi zinyalala izi."

"Si zinyalala."

Ndikulumbira, ngakhale ng'ombe za pangolo zinasiya kubzikula. Che Bwanali anaimirira, anakonza kachipewa, n'kulankhula akuyang'ana mtengo wa mango m'malo moyang'ana anthu.

"Ndinagula ndine. Penti, mawaya, matochi, zonse zinali zatsopano. Ndinkaziphwanya ndekha ndi mwala uli apowo. Chipinda ichi ndinapereka kwa anawa, ndipo sindingapereke chinthu kawiri." Anapumira m'mwamba, n'kutambasula dzanja ngati munthu amene botolo lamupulumuka. "Basi. Wauluka."

Yusufu anayang'ana mapepala amene anali m'manja mwake. Kenako anawaika pansi pang'onopang'ono, n'kuwatsendereza ndi mwala uja kuti mphepo isawatenge. Pobwerera kuchitseko maso ake anagwera pakagalasi, n'kuwerama kukayang'anitsitsa.

"Baba, ili si galasi la magalasi amene ndinakugulirani ku Mbeya? Munati inameza mbuzi."

"Inalavula," anatero Che Bwanali.

Yusufu anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'kupukuta maso ndi mkono wa malaya. Apo m'pamene Lusekelo anawagwira agogowo dzanja, chinthu chimene palibe nyani anayesapo, n'kuwalowetsa m'chipindamo. Tonse tinalowa, n'kutseka chitseko. Aka kanali koyamba kuti iwo aone chimene diso lawo linkaona. Pakhoma panali bwalo lonse, kampando kawo kali lende, mwala uja, ndi Yusufu chadodolido akutsitsa wailesi pangolo. Che Bwanali anayang'ana kampandoko. Anayang'ana mwalawo. Ndinamva mikanda itasiya kuyenda m'zala zawo.

"Kuyambira liti?"

"Mango a chaka chatha asanapse, agogo," anatero Lusekelo.

"Nonse?"

Tinavomera ndi mitu, ngakhale mumdimamo sakanationa. Kenako Abiti Saidi, amene ankamvetsera kunja, analankhulira pakabowo, mwakuti dziko lonse la pakhoma linazima ndi mlomo wawo. Anati ngati anawa anadziwa chaka chathunthu osatulutsa liwu, ndiye kuti palafini sanauluke, chifukwa chitsekerero chinali anawo. Za zimene zalankhulidwa lero, anati, akakambirane ndi Mwini wake, amene sanayambe wapusitsidwapo ndi chitini chopindika.

Che Bwanali anatsokomola, n'kunena kuti m'chipindamo muli fumbi lambiri ndipo likulowa m'diso lopanda galasi. Atatuluka anatiuza kuti tisaganize kuti lamulo lasintha.

Katundu wa Yusufu anakalowa m'nyumba mwa bambo ake. Mabelo a zitenje anadzaza pabalaza mpaka kudenga, zigubu za mafuta zinasanduka mipando ya alendo, ndipo nyengo yonse ya mvula Che Bwanali ankalowa kuchipinda chogona cham'mbali ngati nkhanu. Sanadandaule, kupatula tsiku lililonse.

Ndinakula, ndinapita kukaphunzira kutali, ndinabwerera. Nditamva kuti Che Bwanali adwala ndinakawapeza atagona pamkeka pakhonde, atachepa ngati mwana, magalasi aja ali pamphuno. Ndinagwada pafupi, n'kuwauza kuti tsopano ndikuphunzitsa sayansi, kuti Lusekelo akuika magetsi a dzuwa m'midzi, kuti Tumpale akudya za bulashi yake. Anamvetsera maso ali otseka, n'kunena kuti anyani akwera mitengo. Ndiye ndinati agogo, ndabwera kudzanena mawu amodzi okha. Anakweza chala chimodzi chowonda.

"Ukanena, usadzapondenso kudzala."

Sindinanene. Anamwalira mvula isanagwe.

Dzala lija lilipobe. Akulisamala ndi Yusufu, amene tsopano ali ndi imvi zake, ndipo amalonda ena a pa Boma ndi ife anyani akale timakatayako zinyalala zathu tikapeza mpata. Vuto lake Yusufu dzanja ndi lolemera. Akamenya chitini amachiboola, penti n'kumatsatira ana m'njira. Ine ndimaphunzitsa kufupi ndi Mwenilondo, ndipo chitseko cha kalasi yanga chili ndi kabowo kamene ndinauza ahedi kuti inaboola ndi mbewa. M'chikwama changa mumakhala mwala. Ana a m'kalasi yanga amalandira zitini zopindika nkhope zili gwa, ndipo ndimakayikira kuti akudziwa, koma sindifunsa.

Zikomo uja ndiye ndikadali naye. Anakhala pansi pa nthiti za kumanzere, ndipo chaka ndi chaka akunenepa. Ndikakwera sikelo kuchipatala anamwino amandiuza kuti ndichepetse mpunga, ine n'kungovomera, chifukwa nkhaniyi ndi yaitali ndipo pamzere pamakhala anthu. Koma si mpunga. Amene akukayika abwere adzandinyamule.